Mutu wa Malizani Unali pa Khoma

Kumwera kwa Mzimba, m'mudzi wina woyandikana ndi Embangweni, masiku amene azungu anali atangozika mtengo wa mbendera pa boma, kunali munthu dzina lake Malizani Soko. Amene anamutcha dzinalo Mulungu awakhululukire, chifukwa pa unyamata wake wonse munthuyu sanamalizepo kanthu. Amake ankalumbira kuti ngakhale kubadwa kwenikweniko anakuyamba m'mamawa, koma atangosuzumira kunja n'kuona nkhuku ikudutsa pakhomo, anaiwala chimene anadzera, mpaka azamba anachita kumukumbutsa dzuwa litapendeka.

Musaganize kuti anali waulesi. Waulesi amadziwika: amafuna mthunzi, amakhala pansi, ntchentche n'kumamuyesa chitsa. Malizani ayi. Tambala asanatsike mumtengo iye ali kale panja, khasu paphewa, ali liwiro. Vuto linali m'mutu. Maganizo ankalowamo ngati mbuzi pakhomo la khola, onse nthawi imodzi, lina kukwera pamsana pa linzake. Anyamuka kupita kumunda. Panjira aona mtengo wowongoka woyenera mpini. Abwerera kukatenga nkhwangwa. Nkhwangwa yabuntha, athamangira kumwala wonolera kumtsinje. Kumtsinjeko aona milamba ikusambira, ayamba kudula nsungwi zoti aluke mono. Mono uli pakati, akumbuka kuti ng'ombe sanazitsekulire. Madzulo afika kumudzi thukuta lili kamukamu, watopa ngati walima phiri, m'manja muli theka la mono, khasu sakudziwa chulu chimene walisiyapo. Makasu amene munthuyu anataya, mutawatola lero, mukhoza kufolera nawo tchalitchi chonse n'kutsalako ena ogawira amasiye.

Chimodzi chokha ndicho ankachifikitsa kumapeto: ingoma, gule wa Angoni uja wa chishango ndi chibonga, ndipo n'chifukwa chakuti nyimbo imatha yokha. Akaponda pansi, nkhokwe za mudzi woyandikana zinkagwedera. Kuvina kumeneko ndiko kunapusitsa Towera, mwana wa a Hara a ku Engutwini, mtsikana wodekha, wosathamangira kulankhula. Anamuona Malizani akuvina pa ukwati wa wina, n'kuganiza kuti munthu woponda nthaka molimba chonchi ndiye kuti ndi wokhazikika. Ng'ombe za malowolo zinapita kwa a Hara, Towera n'kubwera kwa a Soko.

Anafikira m'nyumba yofolera mbali imodzi.

“Mawa ndimaliza, NyaHara,” anatero Malizani, kumuitana mkazi wake ndi chiwongo monga amachitira anthu a kumeneko.

Mawa lakelo anakweradi padenga ndi mtolo wa udzu. Ali pamwambapo, mbalame ija yolondolera anthu ku uchi inatera pamtengo n'kuyamba kulira. Malizani anatsika. Mbalame inamutengera kunkhalango, kunkhalango anakumana ndi alenje akupirikitsa nguluwe, nguluwe inawatulutsira panjira ya ku boma, panjirapo anapeza amtengatenga akusowa munthu wosenza mtolo umodzi, ndipo pamene udzu uja unkagubuduka kuchoka padenga, mwini wake anali akulowa m'boma la Mzimba akuimba.

Boma nthawi imeneyo linali nyumba zochepa chabe, asilikali a zisoti zofiira, ndi bwalo lodzaza katundu wochokera kunyanja. Malizani anazungulira kumeneko mwezi n'kufa, wina n'kubadwa, nawonso n'kufa, akuyamba ntchito iliyonse imene boma linali nayo. Ndipo anaona chinthu chimene chinamukhala m'mutu, pamene chinthu kukhala m'mutu umenewo chinali chozizwitsa choposa ng'ombe kukwera mtengo. Mwa amtengatenga onsewo munalibe wodziwa kuwerenga, koma panalibe bokosi losokera. Lililonse linali ndi chizindikiro cha utoto: la mtanda wofiira n'la kumishoni, la mphete yakuda n'la kusitolo, la mizeremizere n'la bwana. Kapitawo wa amtengatenga anamusenzetsa Malizani la mtanda wofiira. Panjira anaona una wa nungu, natula bokosi kuti akafufuze, koma potula maso ake anagwera pa mtanda uja.

“Ehe! Kumishoni!”

Anasenzanso. Patsogolo anaona utsi wa amayi ofulula mowa, natula, mtanda n'kumuyang'ana. Anasenzanso. Bokosilo linafika kumishoni ku Embangweni, ndipo Malizani anaima pakhonde ali kakasi, osadziwa kuti ntchito ikatha munthu amatani nawo manja.

Koma mvula inali itagwa kale yokwanira. Atafika kumudzi, m'nyumba mwake anapeza achule atakhazikitsa bwalo la milandu, wamkulu wawo atakhala pamtondo. Pamphasa panamera bowa. Mumphika wa ndiwo munkasambira matemba amoyo. Towera munalibe. Amake Malizani anangoloza ndi mlomo njira ya ku Engutwini.

Anapita kukapepesa ndi msuweni wake Enos, mnyamata wa sukulu ya mishoni, wobatizidwa, mwini malaya a mabatani amene ankawavala ngakhale popita kuthengo. A Hara sanali munthu waukali. Anawalandira bwino, nanunkhiza fodya wawo wa m'mphuno, nayetsemula mwaulemu.

“A Soko, ine mwana wanga ndinamupereka kwa anthu, osati kwa achule.”

“Yewo, adada.”

“Yewo wanuyo safolera denga. Nyumba ija yavunda, isiyeni. Mumange ina, yathunthu, ndi nkhokwe yake, ndi khola lotsekeka. Dzinja likudzali, mvula ya chizimalupsa isanagwe, ankhazi ake a Towera, mlongo wangayu, adzabwera naye kudzaona. Akadzati yatha, mkazi ndi wanu. Akadzati sinathe, mbwenu ng'ombe zanu ndikubwezerani, mukalowolere mbalame ya uchi ija.”

Ankhaziwo anali atakhala chapatali akutongola chimanga, mayi wamfupi wa maso a kabawi. Sanadzutse mutu. Towera anali kuseri kwa nkhokwe. Malizani anangoona chidendene chake, ndipo chidendenecho chinamuponda pamtima ulendo wonse wobwerera.

“Msuweni, zako zada,” anatero Enos panjira. “Iwe kumanga nyumba? Bola ine ndichapiretu malayawa, Towera akadzamasuka ndidzakaonekere.”

“Ndikuthyola msana.”

“Uyamba kuuthyola, uusiyira pakati. Bwera kusukulu ndikuphunzitse zilembo, uzilemba zochita zako pa sileti.”

Kusukulu Malizani anali atapitako kale m'mawa umodzi. Mphunzitsi atajambula chilembo choyamba, iye anaona kuti chikufanana ndi mapaso a denga, nakumbuka mitengo imene anaisiya kudambo, natulukira pawindo.

“Zilembo n'zambiri, mutu ndi umodzi,” anatero. Kenako anaima chilili pakati pa njira. “Msuweni, ine ndine bokosi.”

“Wayamba misala?”

“Ndine bokosi lopanda mtanda. N'chifukwa chake ndimasokera.”

Anthu atakolola, mudzi wonse unamuthandiza kuimika nsichi ndi kumata khoma, chifukwa amake anafulula mowa wa mawere, ndipo tsiku limenelo anachita kumumanga luzi m'chiuno n'kumangirira ku mzati kuti asalowere kwina. Khoma linaima, lozungulira bwino, la matope okhakhala. Zotsala zonse zinali zake yekha: denga, chitseko, nkhokwe, khola. Khomalo litangouma, Malizani anafika ndi khala m'dzanja, chigoba cha katondo wonyowa, ndi phale la phulusa losakaniza ndi madzi.

Anayambira kudzanja lamanja la khomo. Tsiku lililonse linali ndi kadanga kake, kotambalala ngati chikhatho, kuchokera m'mwamba kutsika pansi. Timizere toimirira tinali udzu. Njoka inali luzi. Nyanga zinali ng'ombe ndi zonse za kukhola, phazi linali ulendo, kachisoti kosongoka kanali nkhokwe. Chojambula ndi katondo wofiira chinali choti achite asanalawe kanthu m'kamwa. Cha khala chinali choti achite dzuwa likalola. Cha phulusa chinali cha m'tsogolo, chongoti chisathawe. Ntchito ikatha ankaidinda ndi chala chamatope, n'kuitukwana pang'ono. Ikakana kutha ankaijambulira phazi la nkhuku loloza ku kadanga ka mawa, n'kuiuza kuti, “Tionana.”

Koma chizindikiro chimene chinamupulumutsa chinali china. Tsiku lina ali padenga akumanga mapaso, mbalame ya uchi inabweranso, yomwe ija, ikuoneka kuti yanenepa ndi mabanja a eni. Inalira. Miyendo ya Malizani inayamba kutsika yokha. Amake anagwira kumutu. Anatsikadi, nathamanga, koma anathamangira kukhoma, najambula kachisa ka njuchi, nakazunguliza mzere wa khala mpaka mzerewo unakumana.

“Lowa m'khola,” anatero ali wefuwefu. “Ndidzakutsekulira ndikafuna ine.”

Anakweranso padenga. Mbalame inalira mpaka mawu anasasa, kenako inasamukira ku Kasungu chifukwa cha manyazi.

Kuyambira pamenepo, ganizo lililonse lomudzera pakati pa ntchito ankathamanga nalo kukhoma n'kulitsekera m'kakhola kake: mono, msampha wa mbewa, ng'oma yoti aseme, chishango chatsopano, ulendo wokaona nyanja. Popeza maganizo ankamugwera ngati matalala, ankangoti tsike, kwere, tsike, kwere, kuzungulira nyumba ali liwiro, mpaka mapazi ake anakumba ngalande m'mbali mwa khoma, yakuya moti mbuzi ikagweramo ankaivuula ndi chingwe. Kujijirika sanasiye ayi. Koma tsopano ankajijirika mozungulira malo amodzi, ndipo munthu wozungulira malo amodzi, ngakhale akhale wopenga, mapeto ake amafolera denga.

Denga linafoleredwa. Chitseko cha bango chinalowa. Nkhokwe inaima pa miyala yake. Khola linatsekeka moti fisi wina anabwera kudzaliona n'kubwerera akulira. Anthu ankachokera kutali kudzaonerera khomalo. Ena ankati ndi mankhwala, ena ankati ndi Chizungu cha amphawi. Enos ankabwera madzulo kudzaseka.

“Nanga ichi chonga nkhuku yowombedwa ndi mphenzi n'chiyani?”

“Ndi mbewu ya nyemba. Ndikapemphe kwa NyaTembo.”

“Nyemba zooneka chonchi zikadzamera, ine musadzandiitane.”

“Ndani amakuitana? Umangofika.”

Zizindikiro zinayenda mozungulira nyumba, za masiku otha kumbuyo, za masiku akudza kutsogolo. Za dzinja lonse, zoyera za phulusa, zinadzaza danga lotsala mpaka zinakafika kukhomo kudzera kumanzere. Mutu wonse wa Malizani unasamukira pakhoma. M'chigaza munangotsala kamphepo kayeziyezi.

Ndiye kunja kunatentha, mitengo ya m'thengo n'kuphuka masamba ofiira, mitambo n'kuyamba kusonkhana kumapiri a Viphya. M'mawa wina amake anafika ndi alongo ake a Malizani atasenza madengu a mtsiro, dothi lakuda la kudambo lija amazirira nyumba. Kumeneko nyumba yomata chabe sinkatchedwa nyumba. Inkayenera kuziridwa mkati ndi kunja, khoma lisalale ngati mphika, ndipo imeneyo inali ntchito ya akazi okha. Mwamuna wogwira mtsiro ankamuimba pamtondo mpaka zidzukulu zake zitamera imvi.

Malizani anaima patsogolo pa khoma atatambasula manja.

“Amama, musakhudze.”

“Iwe, mitambo ukuiona? Ankhazi aja ali m'njira. Nyumba yosazira adzaiyesa khola.”

“Mukazira, ine ndathera pomwepo. Za mawa zili apa. Za dzinja zili apo. Ndidzadzuka ngati mwana wobadwa dzulo.”

“Uli wobadwa dzulo ndinakuona ine, unali chimodzimodzi. Choka!”

Sanachoke. Anawalola kuzira mkati mokha. Kunja anakulondera ngati nkhuku yofungatira, moti mlongo wake wina atayesa kuzemba ndi kamtsiro m'dzanja anamuthamangitsa mpaka kumtsinje, ndipo aka kanali koyamba Malizani kufika kumtsinje n'kubwerako osapatukira kwina.

“Zisamutse zizindikirozo, chitsiru iwe,” anatero Enos. “Jambula pena.”

Anayesa. Anajambula pabwalo, nkhuku zinapalasa. Anajambula pachikumba, galu anathawa nacho. Anajambula panthiti pa ng'ombe yoyera, ng'ombe inapita kubusa ndi ntchito zonse za tsikulo, n'kukazitsuka kudambo. Komanso chizindikiro chikachoka pamalo pake chinkasanduka mlendo kwa iye. Ankachidziwa chifukwa cha chinzake cha pambali, ndi mng'alu umene chinayandikana nawo, ndi tsiku limene anachijambula.

Choncho anajambula chikhatho chofiira, kutanthauza kuzira, n'kuchiikira phazi la nkhuku. Mawa lake phazi lina. Mkuja lina. Mapaziwo anandandalika ngati nkhuku zonse za m'mudzi zayenda pakhoma chammbali. Malizani ankadya chiimire, maso kumwamba, akuwerenga mitambo ngati munthu wowerenga nkhope ya apongozi. Akaganiza za Towera ankathamangira kwa amake kuti bwerani muzire; akafika pakati pa bwalo n'kucheukira khoma, ankabwerera. Anaonda mpaka nthiti zinkalira mphepo ikawomba.

Alendo anafika tsiku la mitambo yakuda, mphepo ikununkha dothi lonyowa la kwina. Ankhazi patsogolo ndi ndodo yawo, Towera pambuyo, maso pansi. Mudzi wonse unasiya ntchito, ngakhale a Wilson, nkhalamba yakhungu imene sinkatuluka m'nyumba, anawagwira dzanja kubwera nawo kuti adzamve ndi makutu awo.

Ankhazi sanafune madzi, sanafune mphasa. Analowa m'nyumba n'kutosa denga ndi ndodo, kufunafuna thambo. Sanalipeze. Anakankha nkhokwe ndi phewa. Anagwedeza chitseko cha khola ngati ali nacho chifukwa. Paliponse ankangoti, “Hm.” Malizani ankawatsata akusinthanitsa miyendo ngati waponda moto. Kenako ankhazi anatembenukira kukhoma, naima m'mphepete mwa ngalande ija, nayang'ana kuyambira kukhomo mpaka kumene khoma linkakhotera.

“A Soko, nyumbayi yadwala nthomba?”

“Ndi zokumbutsa, ankhazi.”

“Zokumbutsa kuti sinaziridwe? Ndakumbuka.” Anakanda khoma ndi nsonga ya ndodo, dothi n'kuyoyoka. “Denga ndalivomera. Nkhokwe ndaivomera. Khola n'labwino, mwina muzigona mmenemo. Koma mlongo wanga anati nyumba yathunthu, ndipo mwana wa a Hara sagona m'nyumba yosazira ngati mbuzi. Towera, tiye, mvula ingatipeze.”

Towera sanasunthe. Kenako anayamba kuyenda pang'onopang'ono mozungulira nyumba, akuyang'ana khoma. Malizani anamutsata, koma mwa chizolowezi anatsikira m'ngalande, moti mutu wake unkayenda molingana ndi chiuno cha mkazi wake.

“A Soko, ichi n'chiyani?”

“Luzi, NyaHara.”

“Ichi?”

“Ng'ombe ya chiboda chotupa.”

“Nanga izi mwazitsekera m'timakolazi?”

“Izo ndi… ndi zimene ndikanathamangira.”

Towera anaziyang'ana nthawi yaitali, chifukwa zinali zambiri kuposa nyerere pa fupa. Atafika pa kachisa ka njuchi, mlomo wake unagwedezeka pang'ono, koma sanaseke. Anazungulira mpaka anatulukiranso pakhomo.

“Ng'ombe ilipo,” anatero. “Nyemba zilipo. Ngakhale mbewa ili ndi malo ake. Nanga ine chizindikiro changa chili pati?”

Enos anabisa nkhope m'malaya. Malizani anayang'ana khoma m'mwamba, pansi, kumanja, kumanzere, ngati mwina chamera chokha. Panalibe.

“Palibe, NyaHara.”

“Palibe.”

“Apa ndimajambulapo zimene ndimaiwala.”

Kaya mawuwo anawaganiza yekha, kaya mantha ndiwo anamuberekera, palibe akudziwa. Enos mpaka ukalamba ankati anamunong'oneza ndi iye, koma Enos anali kutsidya kwa bwalo mutu uli m'malaya.

Towera anatembenuka, nagwada pamaso pa apongozi ake.

“Amama, mtsiro uja ulipo?”

“Towera!” anatero ankhazi. “Mwambo ukuudziwa. Mkazi akazira khoma ndi dzanja lake, nyumbayo ndi yake. Ukangopaka, ine ndibwerera ndekha, ndipo usadzabwere kwathu ukulira za achule.”

“Ndamva, ankhazi.”

Madengu anabwera mothamanga. Towera anakwinya nsalu, nathira madzi, nakanda mtsiro mpaka unafewa. Anatapa wodzaza dzanja n'kuima kumanja kwa khomo, pamene panali kadanga koyambirira. Anakweza dzanja, koma sanapake. Anacheukira mwamuna wake.

“A Soko, ndizire?”

Kumapiri kunagunda. Malizani anayang'ana mtsiro ukudontha pakati pa zala za mkazi wake, nayang'ana zoyera za dzinja zija, mbewu, mizere, misampha, zonse zimene akanadzuka nazo mawa ngati munthu. Zala za kumapazi zinkakumba pansi zokha.

“Mwina mawa…” anayamba.

Ankhazi anawerama kutola kamtolo kawo.

“Zirani! Zirani, NyaHara! Koma yambirani kwa zakale uko, pang'onopang'ono, chonde chomene!”

Dzanja linatera pakhoma, phwa! Akazi analuluta. Za pang'onopang'ono panalibe amene anazimva, chifukwa mvula inali itafika kale kudambo. Amake ndi alongo ake analumphira m'ngalande, manja n'kuyamba kuyenda ngati dzombe m'munda wa mawere. Masiku otha anamezedwa limodzilimodzi. Udzu unapita, luzi linapita, nkhokwe inapita. Malizani ankazungulira kumbuyo kwawo akubuula ngati akumumeta ndi mpeni wobuntha, koma anapirira, popeza zimenezo zinali zodinda kale. Mtsiro utayandikira timakola ndi zoyera za m'tsogolo, anakuwa, nadumpha kupitirira akaziwo, namenya chizindikiro ndi chikhatho.

“Msuweni! Iwe ndiwe ng'ombe ya chiboda! Sunga!”

“Ine ng'ombe?”

“Sunga, udzandikumbutse! NyaTembo, inu nyemba, n'zanu zomwe! Iwe wa mkanda, ndiwe msampha wa mbewa! Inu apo, mono! A Wilson, inu ndinu ulendo wokaona nyanja!”

“Ine ndikaone nyanja ndi chiyani, mwana iwe?” anafunsa a Wilson.

“Musaione, ingosungani!”

Ankathamanga patsogolo pa manja a akazi, kukhudza chizindikiro, kuloza munthu, kutchula, chizindikirocho n'kumira mumtsiro iye asanatseke pakamwa. Wina anakhala mpini, wina ng'oma, wina mizere ya mbatata. Mayi woyembekezera anamupatsa ziwiri. Mlendo wina wapaulendo amene anangopatuka kudzapempha madzi anachoka pamenepo ali chishango. Mayina amenewo anawakanirira anthu mpaka kumanda; m'mudzimo munakalamba munthu wolemekezeka, mkulu wa mpingo, amene ana ake omwe ankamudziwa kuti a Msampha.

Anthu anatha, khoma lisanathe. Kumanzere kwa khomo kunatsala chizindikiro chimodzi, nyanga zopindika ndi kandevu, ndipo dzanja la Towera linali likubwera. Malizani anazunguza mutu. Aliyense anali atasenza kale chake. Panatsala munthu mmodzi yekha, ataima ndi ndodo, kamtolo kali m'khwapa.

Anagwada m'ngalande momwemo, nawomba m'manja.

“Ankhazi, pepani chomene. Inu ndinu tonde.”

“Ndine chiyani?”

“Tonde wofunika kufula, ankhazi. Wavuta m'khola.”

Ankhazi anatsegula pakamwa, koma chimene ananena palibe anachimva, chifukwa nthawi yomweyo thambo linang'ambika, mvula n'kukhuthuka ngati wina wagubuduza nyanja. Towera anapaka dzanja lomaliza. Anthu anabalalika, aliyense akubwereza dzina lake kuti lisagwe panjira. Mtsinje unadzaza, ndipo ankhazi anagona kwa amake Malizani.

Kutacha, Malizani anadzuka pamphasa youma. Towera anali kale pakhomo akusesa. Anatuluka, nacheukira khoma mwa chizolowezi. Linali lakuda bii, losalala, lokongola, lopanda ndi kadontho komwe. M'mutu munali mbee. Kunja kunkanunkha mvula, inswa zikuuluka, mbalame zikuitana kunkhalango, utsi ukukwera kutsidya, njira zonse za dziko lapansi zitatseguka nthawi imodzi. Mwendo wamanzere unaloza kumtsinje, wamanja unaloza ku boma.

“Chiboda!” anakuwa Enos ali kutsidya kwa ngalande. “Nditule, msuweni, ng'ombe yako yandilemera!”

“Nyemba!”

“Mono!”

“Mpini! Ndi ng'oma ya mlamu wanga uja, wapita kumunda!”

“Nyanja!” anatero a Wilson ali pakhomo pawo, atayang'ana kolakwika.

Mudzi wonse unali ukubwera, aliyense akukuwa chake, agalu akuuwa, Malizani akuzungulira pakati ngati nguli, kuyankha uyu, kuyankha uyo. Pakati pa phokosolo panadutsa ankhazi, kamtolo pamutu, ulendo wa ku Engutwini, okha. Sanayang'ane munthu. Atafika pamphambano ya njira anaima, osatembenuka.

“A Soko.”

Phokoso linatha.

“Yewo, ankhazi.”

“Tonde. Mumufule lero. Ine chibadwire ndinali ndisanagonepo ndi mbuzi ya munthu m'mutu.”

Sanapitirire. Anaima pomwepo atatsamira ndodo, kudikira. Malizani anayang'ana Enos, nayang'ana NyaTembo, nayang'ana kunkhalango, miyendo ikufuna kupita konsekonse. Towera anatsamiritsa tsache pakhoma lake, nalowa m'nyumba, natuluka ndi kampeni n'kumuika m'dzanja.

“Yambani ndi tonde, a Soko,” anatero. “Enawa ndi apamudzi, adikira. Madzi osamba muwapeza mukabwerako.”